Dzina la Pachikwangwani ndi Dzina la Pakamwa: Za Maina a Misewu Yathu

Ndikamba nkhani imene ena angaiyese yaing'ono, nkhani ya maina a misewu ya mumzinda uno wa Blantyre ndi ya m'mizinda ina ya dziko lathu.

Ndiyambe ndi mwambo umene tonse tiudziwa. Mwana akabadwa pamudzi satchedwa dzina tsiku lomwelo ayi. Amayamba wakhala m'chikuta ndi amake kufikira mchombo utagwa, ndipo pamenepo akuluakulu a banja, atafunsana, amamupatsa dzina lokumbutsa kholo lina, kapena lonena za chimene chidagwa pamudzipo m'masiku a kubadwa kwake. Mwana yemweyo akakula, nalowa chinamwali kapena kubatizidwa, amalandira dzina lina. Koma anzake a kubusa ndi a kudambo amakhala atamupatsa kale lawolawo, limene kawirikawiri ndilo limamukakamira mpaka imvi. Misewu yathu yambiri ili chimodzimodzi. Ili ndi dzina la pachikwangwani, limene adaipatsa olamulira, ndiponso dzina la pakamwa, limene adaipatsa oyendamo. Mawu awiriwa muwasunge bwino, pakuti ndidzabwerera kwa iwo: dzina la pachikwangwani, ndi dzina la pakamwa.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba ndi ya maina amene adatisiyira obwera. Yachiwiri ndi ya maina amene tidadzipatsa tokha titalandira ufulu, ndi m'mene takhala tikuwasinthira. Yachitatu, imene ili pamtima panga kuposa zinazo, ndi ya maina otchedwa ndi anthu wamba. Yachinayi ndi pempho langa kwa inu.

Mfundo yoyamba, maina a obwera. M'chaka cha 1876 munthu wina wa ku Scotland, dzina lake Henry Henderson, amene mpingo wa Church of Scotland udamutuma kudzafuna malo omangapo mishoni, atayendayenda m'mbali mwa nyanja ndi m'mapiri osapeza pomukhutiritsa, adafika pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, m'dziko la mfumu Kapeni, naona kuti pali madzi, pali mphepo yabwino, ndiponso pali anthu otopa ndi nkhondo. Amishoniwo adatcha malowo Blantyre, dzina la mudzi wa ku Scotland kumene adabadwira David Livingstone. Lero mukalowa pakati pa tauni mupeza Henderson Street, ndipo mukakwera kumishoni mupeza sukulu ya HHI, imene zilembo zake ziwiri zoyamba ndi dzina la munthu yemweyo. Zimenezi nzoyenera. Koma Henderson sadayende yekha. Adali ndi Tom Bokwito, mwana wa dziko lino, amene adalanditsidwa m'manja mwa ogula akapolo ali mnyamata, naphunzira ku Lovedale ku South Africa, nabwerera kwawo. Ameneyo ndiye adali kamwa ndi makutu a Henderson pamaso pa mafumu, ndipo popanda iye mlendoyo sakadadziwa polonjera kapena popempha malo. Ndikufunseni, amayi ndi abambo, ndi angati mwa ife muno adalimvapo dzina la Bokwito?

Msewu waukulu wa pakati pa tauni ndi Victoria Avenue, wotchedwa dzina la Mfumukazi Victoria ya ku Britain, imene idakhala pampando kuyambira 1837 mpaka 1901, ndipo m'masiku ake, mu 1891, dziko lino lidalowa pansi pa ulamuliro wa Angerezi. Mayi ameneyo sadapondepo dothi lino. Pafupi pomwepo pali timisewu titatu, St George's Street, St Andrew's Street ndi St David's Street, maina a oyera mtima amene anthu a ku England, a ku Scotland ndi a ku Wales amawayesa ankhoswe a maiko awo. Palinso Sharpe Road, wokumbutsa Alfred Sharpe, amene adalowa m'malo mwa Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, nakhala bwanamkubwa woyamba pamene dziko lidatchedwa Nyasaland mu 1907. Ku Limbe, tauni imene idakula ndi njanji ndi fodya, kuli Churchill Road ndi Livingstone Avenue. Ndipo kuno ku Blantyre kudalinso Sclater Road, dzina la Bertram Sclater, msilikali wodziwa za kumanga, amene adabwera pamodzi ndi Johnston nayang'anira ntchito yokonza msewu wochokera ku Chikwawa kukwera phiri kudzafika kuno, pakuti m'masiku amenewo katundu yense ankadza pa sitima za pamadzi mumtsinje wa Shire, ndipo kuchokera kudooko ankakwera phirilo pamitu ya amtengatenga.

Kodi maina awa atiuza chiyani? Atiuza kuti alendowo adali anthu opukwa kwawo, monga apukwira munthu aliyense wa paulendo. Koma atiuzanso chinthu china cholemera, chakuti wotcha dzina amadziyesa mwini. Pamene adakhoma dzina la mfumukazi yawo pamsewu wa m'dziko la Kapeni, adali kulengeza kuti bwalo lasintha mwini. Komabe ine sindili m'gulu la onena kuti zikwangwani zimenezi tizizule zonse, pakuti ndi mboni, ndipo mlandu wopanda mboni umavuta kuweruza. Mwana akafunsa kuti Sclater adali yani, pamenepo mpata wapezeka womuuza za agogo ake amene adakumba msewuwo ndi makasu, ndi amene adasenza mitolo ya nsalu ndi zitsulo pamitu yawo, anthu amene maina awo sadalembedwe pachikwangwani chilichonse.

Mfundo yachiwiri, maina a ufulu. Pamene mbendera yathu idakwera pa 6 July 1964, ntchito yotcha maina idabwera m'manja mwathu, ndipo m'zaka zotsatira maboma angapo adavula maina achilendo: Fort Johnston idakhala Mangochi, Port Herald idakhala Nsanje, Fort Manning idakhala Mchinji, Fort Hill idakhala Chitipa. Koma Blantyre idatsala Blantyre, Victoria Avenue sidakhudzidwe, ndipo Glyn Jones, bwanamkubwa wotsiriza wa atsamunda, amene adakhalabe kuno monga woimira Mfumukazi ya ku Britain ya nthawiyo kufikira 1966, ali ndi msewu wake kuno ndi ku Lilongwe komwe. Taonani tsono chodabwitsa: mapazi ochepa kuchokera pa Victoria Avenue pali Chilembwe Road, dzina la mbusa wa ku Mbombwe amene adaukira boma la Angerezi mu January 1915 naphedwa m'mwezi wotsatira. Amene boma lija lidamuyesa chigawenga, ndi mfumukazi imene dzina lake lidali chizindikiro cha boma lomwelo, lero ayandikana m'tauni imodzi, ndipo munthu wopita kubanki amadutsa onse awiri osatembenuka. Mbiri yonse ya dziko lino yagona pamenepo, kwa amene ali ndi maso owerenga.

Maina ena adadza ndi ubwenzi wa maiko. Haile Selassie Road ukumbutsa mfumu ya ku Ethiopia imene idacheza m'dziko muno mu 1965, ndipo pamwamba pa phiri la Zomba pali malo oonerapo chigwa otchedwa Emperor's View chifukwa cha ulendo womwewo. Kenyatta Drive ukumbutsa mtsogoleri woyamba wa Kenya. Hannover Avenue udadza chifukwa cha ubale wa mzinda uno ndi mzinda wa Hannover wa ku Germany, umene udayamba mu 1968. Kaohsiung Road, cha ku Mandala, ndi dzina la mzinda wa ku Taiwan. Boma lathu lidasiya ubale ndi Taiwan ndi kugwirana chanza ndi Beijing, monga lidalengezera kumayambiriro a 2008, koma msewuwo udatsala ndi dzina lake.

Tsono ndifike pa msewu umene ambiri a inu mwadzera lero, wolumikiza Blantyre ndi Limbe. Ife amene tidakula m'masiku a chipani chimodzi tidaudziwa kuti Kamuzu Highway, pakuti m'masiku amenewo dzina limenelo lidali ponseponse, pabwalo la masewera, pabwalo la ndege, pachipatala, pamlatho, padamu. Chisankho cha 1994 chitapita, msewuwo udatchedwa Masauko Chipembere Highway. Achinyamata, mverani bwino apa. Henry Masauko Chipembere adali mmodzi wa anyamata amene adaitana Dr Kamuzu Banda kuti abwere kudzatsogolera nkhondo yolimbana ndi chitaganya. Adamangidwa chifukwa cha ufulu umenewu. Adakhala nduna ya maphunziro. Ndipo pamene nduna zidasemphana ndi Dr Banda mu September 1964, iye adatula pansi udindo wake kuti aime pamodzi ndi anzake ochotsedwa. Mu February 1965 adanyamuka ndi anthu ake kuchokera ku Mangochi kulinga ku Zomba, koma ulendowo udathera pa Liwonde, pamene adapeza chombo chowolotsa anthu chili tsidya lina la Shire. Adathawira kunja, namwalira ku Los Angeles mu 1975 osaonanso kwawo. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu dzina lake lidali loopsa kulitchula ngakhale m'nyumba mwako, chitseko chili chotseka. Ndipo lero lalembedwa pamsewu waukulu koposa wa mumzinda uno, m'malo mwenimweni mwa dzina la amene adamupirikitsa. Ku Mzuzu nako kuli Orton Chirwa Avenue, dzina la munthu amene adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Chikwangwani chotere sichiukitsa wakufa, koma chimachotsa chitonzo pa ana ake, ndipo ine ndichiyesa chinthu chachikulu.

Komatu dzanja limene limalemba ndi lomwenso limafufuta. Bwalo lathu la masewera ku Chichiri lidayamba ndi dzina la Rangeley, mkulu wina wa boma la atsamunda, lidakhala Kamuzu, boma la a Bakili Muluzi lidalitcha Chichiri, boma la a Bingu wa Mutharika lidalibwezera dzina la Kamuzu. Bwalo la ndege ndi chipatala chachikulu cha ku Lilongwe zidayenda ulendo womwewo, kuvula ndi kuvalanso. Mu 2006 msewu wa Midima, wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje, udatchedwa Robert Mugabe Highway, mabungwe ena akukana kolimba. Chaka chotsatira Chilambula Road wa ku Lilongwe udatchedwa dzina la Paul Kagame wa ku Rwanda. Sindikuweruza atsogoleri amenewa pano, si bwalo lake lino. Ndingokupemphani kuti mupite padepoti ya ku Limbe, mufunse minibasi ya ku Mulanje kuti idzera kuti. Adzakuyankhani kuti idzera Midima, kapena idzera ku Thyolo. Madzi saiwala khwawa. Dzina la pachikwangwani limadza ndi boma ndipo likhoza kupita ndi boma. Dzina la pakamwa limakhala.

Ndafika pa mfundo yachitatu, maina a anthu wamba, ndipo pano ndikhalitsa pang'ono.

Mu 1878 amalonda a ku Glasgow adakhazikitsa kampani imene idadziwika kuti African Lakes, naituma m'manja mwa abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a m'maso, chinthu chimene makolo athu adali asanachizolowere, ndipo poona kunyezimira kwake adamutcha Mandala. Dzinalo lidachoka pa munthu, lidakhala pa nyumba yake yosanja imene idamangidwa mu 1882 ndipo ilipo mpaka lero. Lidachoka pa nyumba, lidafalikira pa masitolo onse a kampaniyo kuyambira kuno mpaka ku Karonga. Pomaliza lidakhala dzina la dera lonse ndi la msewu wake. Ku nyumba za katundu za Mandala komweko ndi kumene anthu a Chilembwe adapita usiku kukafuna mfuti. Lingalirani bwino: palibe bwanamkubwa adasaina kalata yakuti malo ano atchedwe Mandala. Adatcha ndi amtengatenga, ndi alonda, ndi amayi odzagula mchere. Ndipo dzina lawo lidalimba kotero kuti eni kampani adalilandira, nalikhoma okha pamakomo a masitolo awo. Apa dzina la pakamwa lidakwera pachikwangwani.

Tsikirani ku Wenela, kumene mumakwerera mabasi. Ana ambiri amayesa kuti Wenela ndi mawu akale otanthauza depoti. Iyayi. Ndi m'mene makolo athu adatchulira zilembo za bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya golide ya ku Joni. Pamenepo ndi pamene amuna a m'midzi yathu ankasonkhana, napimidwa m'thupi, nadinda chala papepala. Pamenepo ndi pamene akazi ankatsanzikana ndi amuna awo, osadziwa ngati adzabwera ndi njinga ndi bulangete ndi sutikesi yachitsulo, kapena adzabwera ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi, kapena adzasanduka matchona osabweranso. Mu April 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi obwerera kwawo idagwa ku Francistown ku Botswana, nipha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Banda adaimitsa kulemba anthu ntchito imeneyo. Bungwelo lidapita, koma dzina lidatsala pamalopo, ndipo m'mawu amodzi amenewo mwasungidwa misozi ndi thukuta la mabanja osawerengeka. Ndani mwa ife muno amene alibe gogo kapena malume amene adapita ku Joni?

Ginnery Corner ikumbutsa makina otokosa thonje amene adali pamenepo. Makinawo adachoka kalekale, koma kondakitala amaitanabe dzina lake tsiku ndi tsiku. Chemusa isunga ulemu wa Chiyao uja wakuti Che, umene timaika patsogolo pa dzina la munthu, ndipo itikumbutsa amene adali eni mudzi tauni isanafike. Kapeni, Machinjiri, Somba, Kuntaja, awa ndi maina a mafumu. Mudi, Naperi, Likhubula ndi mitsinje imene agogo athu ankamwa. Ku Ndirande kuli pa Chinseu. Ndipo mzinda wonse uno, pambali pa dzina lake la ku Scotland, uli ndi lina limene silidafe: mukamva munthu wa kumudzi akuti mwana wanga ali ku Kabula, musamufunse kawiri.

Ku Lilongwe, kumene likulu lidasamukira kuchoka ku Zomba mu 1975, okonza mzinda adagawa malo ndi manambala, Area 3, Area 18, Area 25, Area 47, ndipo anthu adawalandira; koma Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde, Chinsapo ndi Mtandire sadalole kusanduka manambala pakamwa pa okhalamo. Kumenekonso kudali zipatala ziwiri m'masiku a atsamunda, chakumtunda cha Azungu ndi chakumunsi cha anthu akuda. Chakumunsicho lero ndi Bwaila, dzina labwino la makolo, komabe amayi achikulire amati ndikupita ku Botomu. Apa muone kuti dzina la pakamwa silisunga zokoma zokha; limasunganso chipsera.

Mverani m'mene timalozerana njira m'makomboni mwathu. Mlendo akaimba foni kuti ndafika pasiteji, timati: "Mutsike pachigayo, mutsate njira ya kumanzere mpaka pamjigo, mukaona mtengo wa mango waukulu mufunse paokala kuti kwa aphunzitsi ndi kuti." Ndipo mlendoyo amafika, pakuti wa paokala amadziwa nyumba iliyonse, ndipo mwina amatuma mwana kuti amuperekeze mpaka pakhomo. Umenewu ndi ulemu wathu, ndipo ndiukonda. Koma usiku, pamene mayi wadwala mwakayakaya, okala yatsekedwa, mwana wagona, ndipo woyendetsa ambulansi sadziwa mtengo wa mango umene ukunenedwa, pamenepo timazindikira kuti chikwangwani nacho chili ndi ntchito yake. Maina awiriwa safunika kulimbana. Afunika kugwirizana.

Mfundo yachinayi, pempho langa. Mudamva kuti bungwe la MACRA, mogwirizana ndi makhonsolo, lidayamba ntchito yoika manambala panyumba ndi maina pamisewu, ndipo misewu yambirimbiri ya m'madera mwathu imene sidakhalepo ndi chikwangwani idzalandira maina m'masiku athu ano. Mwayi wotere sudza kawiri pa mbadwo umodzi. Tsono kwa inu a khonsolo, ndi kwa inu mafumu, ndipempha zinthu zitatu.

Choyamba, funsani. Safunsa adadya phula. Musanatche msewu dzina la duwa la kunja kapena la mlendo wodzacheza masiku awiri, khalani pansi ndi nkhalamba za m'deralo, muzifunse kuti njira iyi mumaitcha chiyani, ndipo chifukwa ninji. Pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo chimene adziwa iwo sichili m'mafailo a khonsolo ku Civic Centre. Kumene kuli kale dzina la pakamwa losanyoza munthu, likwezeni pachikwangwani monga lidakwerera la Mandala. Mlendo wolemekezeka mumupatse msewu watsopano. Musamuvulire wakale chovala chake.

Chachiwiri, kumbukirani oiwalika. Mukawerenga zikwangwani za m'mizinda yathu mudzaona kuti maina a amayi ndi owerengeka. Rose Chibambo, amene adasonkhanitsa amayi kulimbana ndi chitaganya, namangidwa mu 1959 ali ndi khanda la masiku ochepa, khanda limene adalitcha Gadi chifukwa cha alonda a ndende, adadikira mpaka 2009 kuti msewu wina wa ku Mzuzu utchedwe dzina lake. Alipo azamba amene adalandira theka la ana a m'dera lawo, alipo aphunzitsi amene adaphunzitsa mibadwo itatu, alipo omasulira ngati Bokwito. Msewu wa kwawo ndi umene uyenera maina awo.

Chachitatu, lembani chifukwa. Pansi pa dzina, kapena pamwala wa pamphambano, pakhale mzere umodzi m'chinenero cha anthu, wonena kuti uyu adali yani ndipo adachita chiyani. Pakuti dzina la Chipembere lili pachikwangwani, koma pakamwa pa okwera minibasi msewuwo ndi Haiwe basi, ndipo mwana wodutsapo m'mawa uliwonse alibe womuuza za pa Liwonde.

Ndipo inu aphunzitsi ndi ana a sukulu, musadikire khonsolo. Sabata ino, aliyense atenge kope, apite kwa munthu wamkulu koposa wa m'dera lake, amulonjere mwaulemu, amufunse maina a njira, a zitsime, a masiteji ndi a madambo a kumeneko, alembe monga wanenera mwini wake, alembenso dzina la wonenayo ndi tsiku. Makope amenewo muwasonkhanitse kusukulu, ndipo lina mukapereke kwa amfumu, kuti pamene a khonsolo adzafika ndi zikwangwani zawo adzapeze maina ali kale m'manja mwanu.